Madiredi a Loveness

Tsiku limene khoti linagamula, ine ndinali pamsewu wokwera kuphiri ndi beseni la manachesi, mwana wanga Loveness ali pambali panga kuingitsa ntchentche. Mwamuna wanga Gilson ndi amene anali kukhoti. Iye ndi Rasta, ndipo kuyambira pamene makolo ena achirasta anakasuma kuti sukulu za boma zikukana ana a madiredi, sanajombepo tsiku la mlanduwo. Mlandu sunali wathu. Dzina la Loveness silinali m'mapepala a maloya. Koma mukanamuona akupukuta nsapato m'mawa, mukanati jaji ndi iyeyo.

Anatipeza chakumadzulo akuthamanga chokwera, thukuta lili kamukamu, mpango wake wa mitundu itatu uli m'khosi.

"Empuresi! Babulo wagwa! Tawina!"

Babulo ndi mmene Arasta amatchulira ulamuliro wowapondereza. Empuresi, kutanthauza mfumukazi, amanditchula choncho akasangalala. Empuresi wogulitsa manachesi, wong'aluka zidendene.

"Mwawina chiyani, bambo a Love?"

"Jaji wanena poyera, aliyense akumva. Kubweza mwana chifukwa cha tsitsi n'kuphwanya malamulo a dziko lino. Ana alowe m'kalasi ndi madiredi awo!"

Ananyamula Loveness n'kumuzunguza m'mwamba, koma sanachedwe kumutsitsa chifukwa mwanayo sanalinso wonyamula. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo anali asanakhalepo m'kalasi.

Ndinamupititsapo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, kusukulu ya kwathu kuno m'munsi mwa phiri. A hedi sanamuyang'ane kumaso. Anayang'ana pamutu basi, n'kunena kuti ndikamumete kaye. Ine ndinaona ngati nkhani yaing'ono. Nditafika kunyumba n'kufunsa kumene kunali sizasi, Gilson anaimirira pakhomo n'kundiuza kuti lumo silidzadutsa pamutu pa mwana wake, limenelo ndi pangano lake ndi Jah, Mulungu wake, kuyambira tsiku limene mwanayo anabadwa, ndipo ndikadula tsitsilo ndadulanso banja. Sukulu zolipira zinkalandira ana otere, koma ife sitikanazikwanitsa.

"Dikirani pang'ono, mlandu ukuyenda," ankatero Gilson.

Mawu amenewo ndimawadziwa. Ine ndinasiya sukulu mu Sitandade 8 ndili ndi mimba ya Loveness yemweyu, ndipo aliyense ankandiuza kuti dikira pang'ono, mwana akangosiya kuyamwa ubwerera. Anzanga amene ndinkawaposa masamu lero amaimitsa galimoto n'kundifunsa ngati manachesi ndi otsekemera, galasi atatsitsa theka. Ndiye nditamva kuti mlandu ukuyenda, mlandu auika mwezi wina, mlandu wayandikira, ndinkangomuyang'ana mwana akutalika. Yunifomu imene ndinamusokera poyamba ija ndinkaiwonjezera kansalu m'munsi chaka chilichonse, mpaka inaoneka ngati masitepe.

Madzulo a tsiku la chigamulolo anzake a Gilson anakumana kufupi ndi mtsinje wa Mulunguzi, ng'oma zikulira. Anatiitana. Ine ndinakana, ndinali ndi madiredi a Loveness oti nditsuke kuti aume kusanache.

M'mawa mwake ndinamumanga tsitsi kumbuyo ndi kansalu koyera, n'kumuveka yunifomu ya masitepe ija. Ndinasenza beseni langa, poganiza kuti ndikamusiya m'kalasi ine ndikwera kuphiri kukagulitsa.

A hedi anatilandira bwino, ndipo chimenecho n'chimene chinandipsetsa mtima kwambiri. Anandipatsa mpando. Anandifunsa ngati kunyumba tadzuka bwino.

"Nanenso ndamva pa wailesi, mayi. Nkhani yabwino ndithu."

"Ndiye mwana ndi uyu."

"Koma ine sindilamulidwa ndi wailesi. Khoti lauza unduna, unduna ndi umene ulembere ife. Apatsidwa mpaka kumapeto kwa Juni. Kalata ikafika, tidzaona."

"Mudzaona chiyani? Jaji wanena kale."

"Jaji sanandilembe ntchito, mayi. Komanso taonani, chaka chikupita kumapeto. Ana atsopano timalemba potsegulira chaka. Mwadikira nthawi yonseyi, miyezi yochepa yokhayi ikuvutani?"

"Amene wadikira si ine, a hedi. Ndi uyu. Mufunseni iyeyu."

Sanamufunse. Anayamba kusanja mapepala patebulo, kundionetsa kuti tamaliza. Ndinatuluka. Ndikanakhala ndi mwala m'manja, sindikudziwa.

Kunja kunkazizira, kuzizira kwa Meyi kumene kumatsika m'phiri n'kulowa m'mafupa. Sukulu yathuyi ili mumthunzi wa phiri, makalasi ake alibe magalasi m'mawindo, ndipo ana aang'ono amakhala pasimenti. Choncho nyengo yachisanu aphunzitsi amatulutsa ana kuti aziphunzira akuwothera dzuwa. Madamu a Sitandade 1, a Pauline, anali atatulutsa kale gulu lawo. Bolodi analitsamiritsa pampando, ana ali m'mizere pabwalo, akukuwa a, e, i, o, u ngati akuitana munthu kutsidya.

Sukuluyi ilibe mpanda. Pambali pa bwalolo pamadutsa njira ya anthu, imene amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni za paini amadzera popita m'tauni. Mzere womaliza wa ana unali pafupi kwambiri ndi njirayo.

Ndinaima. Ndinatula beseni m'mbali mwa njira, n'kuyala chitenje.

"Khala apa. Yang'ana kubolodi. Zimene akunena anzako nawenso uzinena."

"Amayi, atithamangitsa."

"Pano ndi panjira. Yang'ana kubolodi."

Madamu anationa koma sanasiye kuphunzitsa. Ana ndi amene anatembenuka, maso onse pamutu pa Loveness. Posakhalitsa a hedi anatulukira, akuyenda mofulumira, tayi ikuuluka.

"Mayi, n'chiyaninso ichi?"

"Ndikugulitsa manachesi. Mugula angati?"

"Ndakuuzani kuti mwanayu sanalembedwe."

"Ndamva. N'chifukwa chake sali m'kalasi mwanu. Ali panjira ndi mayi ake."

"Pano ndi pasukulu."

"Sukulu ikuthera pati? Ndionetseni ndi phazi lanu, ndisuntha. Amayi a nkhuni amadutsa pano tsiku lililonse, simunawafunsepo kalata ya ku unduna."

Mayi wina amene ankadutsa ndi mtolo pamutu anaseka mpaka mtolo unapendekeka. A hedi anayang'ana uku ndi uku, kenako anatembenukira kwa a Pauline.

"Madamu, lowetsani ana m'kalasi."

"Kukuzizira, a hedi."

"Ndati alowe."

Ana anadzuka n'kusasa fumbi. Awiri ananyamula bolodi, wina mpando. Chitseko chinatsekedwa. Pabwalo lonselo panatsala ine, Loveness, ndi manachesi.

Tinakhala pomwepo mpaka belu loweruka. Mawa lake tinabweranso, ndi tsiku linzakelo. A hedi akangotiona tikuyala chitenje, ankatuma mwana kukauza madamu kuti asatuluke. Makalasi ena ankawothera dzuwa kuseri, koma Sitandade 1 yokha inkakhala m'kati. Kuchokera panjira tinkangomva mawu osokonekera ndi kutsokomola.

Malonda panalibe. Ana asukulu sagula manachesi, amangowayang'ana. Ena anayamba kufewa pansi pa beseni. Loveness ankajambula zilembo pafumbi ndi kamtengo, zimene ndinamuphunzitsa ndekha pamsewu, n'kuzifufuta anthu akamadutsa.

"Amayi, tiyeni tizipita. Akutiseka."

"Aseke. Ine anandiseka ndili ndi mimba yako, sindinafe."

Ndinalankhula mokalipa, mwana n'kuwerama. Sindinamupepese. Ndikanayamba kupepesa tikananyamuka tonse.

Sabata yachiwiri kunabwera mayi a Raymond, a nyumba yoyandikana ndi yathu. Timabwerekana mchere, tinkapitira limodzi kusikelo. Mwana wawo Raymond ali mu Sitandade 1. Sanandipatse moni.

"Mayi a Love, mwana wanga sakugona ndi chifuwa chifukwa cha tsitsi la mwana wanu."

"Chitseko chija ndinatseka ndine?"

"Musandiyankhe ngati ndinu loya. Mukachoka pano ana atuluka. Ana ambirimbiri azizidwe chifukwa cha mmodzi?"

"Mmodziyo si mwana?"

"Ingomumetani, abale! Tsitsi limamera. Inu simuli Rasta, munakulira mu kwaya ya CCAP, tonse tikudziwa. Mumeteni lero, mawa alowa, aliyense apume."

Zinandilasa chifukwa anali mawu anga. Ndinali nditawanena kwa Gilson kambirimbiri, mokuwa, molira, nthawi zina mbale zikusweka. Tsitsi limamera, zaka sizimera. Ndinayang'ana mutu wa mwana wanga, madiredi ofika m'mapewa, amene ndinkawatsuka ndi kuwapota ndi manja anga ngakhale ndinkadana nawo.

"Ndikanamumeta kalekale, mayi a Raymond, ndipo bwenzi ali Sitandade 3. Sindinatero. Tsitsi ili talilipira ndi zaka zitatu za mwanayu. Lero khoti lanena kuti sanalakwe, ndiye ndimumete lero? Kuti a hedi asavutike kudikira kalata? Iyayi. Alowa nalo."

"Ndinu ouma mtima."

"Ofesi ya a hedi ndi iyo. Kawauzeni za chifuwacho."

Anachoka akutukwana chapansipansi. Madzulo ake mwana wawo sanabwere kudzasewera kwathu.

Gilson anamva zonse kwa anthu, chifukwa ine sindinkamulankhula kwenikweni. Anandipeza ndikusankha manachesi owola.

"Empuresi, ndakambirana ndi abale. Lolemba tibwera tonse kusukuluko ndi ng'oma ndi mbendera. Babulo amve kuti Jah wagamula."

"Ng'oma zanu zisafike kumene kuja."

"Nanga si tikufuna kukuthandizani?"

"Mukabwera ndi ng'oma, a hedi aitana apolisi, nkhani ikhala ya ng'oma. Mudzapitanso kukhoti, mudzapukutanso nsapato, mwana adzakhala akutalika. Mwawina kale inu. Mwavina kale. Mwana wanu walowa m'kalasi?"

Anayang'ana kumbali.

"Mukufuna kuthandiza?" Ndinakankhira beseni kumapazi ake. "Mawa mukwere nalo ili. Muime pakona yachiwiri paja, pamene magalimoto amachepetsa liwiro. Ofewawa muziika pamwamba ayambe kutha."

"Rasta kusenza beseni pamutu? Anyamata a ziboliboli andiseka mpaka chaka chamawa."

"Jah analetsa lumo, sanaletse beseni. Ndipo nkhata simukuifuna, muli nayo kale pamutupo."

Loveness anaseka koyamba sabata yonseyo. Bambo ake anamuyang'ana, n'kuyang'ana beseni. M'mawa analinyamula. Sanalisenze pamutu, analikumbatira pamimba ngati ng'oma, koma anapita.

Kenako kunagwa chiperoni. Phiri linasowa, nkhungu inatsika mpaka m'madenga, kamvula kosalekeza kakuwaza. Palibe kalasi imene inatuluka, ndipo panalibe chifukwa chokhalira panjira. Tinapitabe. Tinkafunda pepala la pulasitiki limodzi, madzi akutsikira m'khosi. Ndinkadziwa kuti tikangojomba kamodzi, a hedi anena kuti nkhani yatha. Ankatiyang'ana pawindo la ofesi atagwira kapu ya tiyi. Loveness anayamba chimfine. Ndinkamupukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje, mumtima ndikutukwana aliyense: a hedi, Gilson, unduna umene sindinauonepo, ndi munthu amene anayamba kuganiza kuti mwana amaphunzira ndi tsitsi.

Chiperoni chitatha, kunacha kopanda mtambo, koma kozizira kuposa masiku onse. Udzu unali mbuu ndi mame. Titafika tinapeza amayi angapo ataima pakhomo la ofesi ya a hedi, mayi a Raymond ali patsogolo, manja m'chiuno. Sanabwere kudzandithandiza ine. Anabwera chifukwa cha zifuwa za ana awo, ndipo theka la iwo linkafuna kuti ine ndichotsedwe. Mawu ankamveka mpaka kunjira.

"Muwachotse mayiwo kapena mutulutse ana athu, chimodzi!"

"Njira si yanga, amayi, sindingawachotse."

"Ndiye dzuwa ndi lanu?"

Ali m'kati mokangana, chitseko cha Sitandade 1 chinatseguka. A Pauline anatuluka atanyamula okha mpando, ana akuwatsatira, ena atapinda manja m'khwapa, ena mamina ali chuchuchu. Anadutsa malo awo a masiku onse osaima. Anabwera mpaka kufupi ndi njira, n'kuika mpando moti mizere ya ana inathera pachitenje changa.

A hedi anasiya amayi aja n'kubwera.

"Madamu, ndinanena chiyani?"

"Dzuwa lili kuno, a hedi. Sindinaliike ndine."

"Mukudziwa zimene mukuchita?"

"Ndikudziwa kuti dzulo ana ambiri sanabwere, ndipo amene anabwera sindinkawamva chifukwa cha kutsokomola. Makolo amandipeza ine kunyumba, osati inu."

Amayi aja anali atafika kumbuyo kwawo. A hedi anatembenuka n'kuwaona, anayang'ana ana, kenako anandiyang'ana ine. Ndinawayang'ananso osaphethira. Ndinali wokonzeka kukhala panjirapo mpaka Juni, mpaka chaka chamawa, ndipo ndikuganiza kuti anaziona.

"Asalembedwe mu kaundula kufikira kalata itabwera," anatero. "Wina akafunsa, ine sindikudziwa kanthu."

Anabwerera ku ofesi. Mayi a Raymond anadutsa pafupi nane osandiyang'ana, anangomukonza Raymond juzi n'kumapita.

Madamu anawomba m'manja. "Mwadzuka bwanji ana?"

Ana onse anadzambatuka. "Tadzuka bwino madamu, kaya inu!"

Loveness sankadziwa kuti popereka moni amaimirira. Anadzuka mochedwa, anzake akukhala kale, n'kutsala ali chiimire yekha. Apo m'pamene ndinaona bwinobwino. Pamsewu, pakati pa akuluakulu, ankaoneka mwana. Apa anali ngati mtengo pakati pa mbande. Kamnyamata kena kopanda mano akutsogolo kanakuwa, "Anti! Anti a Rasta abwera kudzaphunzira!" Gulu lonse linafa ndi phwete.

Ndinatsala pang'ono kudzuka kuti ndikakagwire khutu kamwanako. Koma ndikanakalanga chifukwa chiyani? Kananena zimene kanaona. Amene anachititsa kuti mwana wanga akhale anti mu Sitandade 1 anali akumwa tiyi mu ofesi, wina akugulitsa manachesi pakona yachiwiri, wina ndi ine amene ndinamvera zoti ndidikire.

"Chete!" anatero madamu. "Iwe wopanda mano, ukadzamera mano udzaseke. Mtsikana, dzina lako ndani?"

"Loveness."

"Kweza mawu. Kuno sitinong'ona."

"Loveness Makwinja!"

"Chabwino. Choka pachitenjepo, ukhale apa pamzere. Kumbuyo, kuti anzako aziona bolodi."

Anandiyang'ana kaye. Ndinamukankha pamsana. Anayenda pang'ono chabe n'kukhala pafumbi pambali pa Raymond, mawondo ake atafika m'mapewa mwa mnzakeyo. Sanalire. Madamu ataloza chilembo choyamba, mawu ake anamveka pamwamba pa onse, okhuthala ngati a munthu wozolowera kuitanira malonda. Ana ena anasekanso pang'ono, kenako anatopa nazo.

Ndinakhalabe pachitenje, sindinkakhulupirira kuti chitseko china sichitsekedwanso. A Pauline anawapatsa ana zolemba pansi n'kubwera kwa ine.

"Mayi, pitani. Mwana saphunzira mayi ake ali pamsana."

"Ndikachoka amuthamangitsa."

"Adzayamba athamangitsa ine."

"Nanga mawa kukachita mitambo, mukakhala m'kati?"

"Alowa ndi anzake. Koma pasimenti paja m'pozizira kwambiri. Mumupezere thumba lokhalira."

Sindinawathokoze bwino. Ndinangogwedeza mutu, n'kusasa chitenje changa, n'kutsika m'tauni kukafuna thumba.